Chiperoni ndi Mpira wa Janeti

Moni, mwana wanga wowerenga. Tithokoze Mulungu amene watidzutsa lero. Khala pansi, umve za Alefa.

Alefa ankakhala ku Mulanje, pakati pa minda ya tiyi. Kunali kale, dziko lathu likutchedwa Nyasalande. Alefa ankafuna kanthu kamodzi. Ankafuna kuponya mpira m'dengu.

Masewerawa anawamva kusukulu. Aphunzitsi anati, "Ku Amereka kuli masewera oponya mpira m'dengu. Oyamba kusewera anapachika madengu a zipatso m'mwamba. Mpira ukalowa, munthu ankakwera makwerero kukautenga."

Alefa anathamangira kwawo. "Ababa, ndipachikireni dengu!"

Amayi anapereka dengu lothyolera tiyi. Linali lakale, lofumbwa pansi. Ababa anabwereka makwerero kuntchito. Anamanga dengu pa mtengo wa bulugamu. Kenako anabweza makwerero aja.

"Lili patali, ababa!" anatero Alefa.

"Nawenso ukula," ababa anayankha akuseka.

Alefa analibe mpira. Mnzake Janeti ndiye anali nawo. Unali mpira wansanza, waukulu ngati dzungu. Anamusokera ndi mkulu wake Eneles, asanakwatiwe kutali. Janeti ankaukonda kwambiri.

Janeti anaponya. Mpira unapita m'mwamba zedi.

"Iwe, ukuponyera mbalame?" anaseka Alefa.

Alefa anaponya. Mpira unagwa pafupi.

"Nanga iwe, ukuponyera nyerere?" anaseka Janeti.

Anaponya, anaponya, anaponyanso. Kenako Alefa anaponya ndi mphamvu zake zonse. Mpira uja m'dengu, lowu!

"Walowa! Walowa!" Atsikana anavina.

Anayang'ana m'mwamba. Anadikira. Koma mpira sunatsike.

Anagwedeza mtengo. Mpira sunatsike. Anatenga nsungwi. Nsungwi inafupika. Alefa anakumbatira mtengo kuti akwere.

"Iwe Alefa, choka apo!" anakuwa amayi. "Bulugamu ndi woterera. Ufuna kuthyoka mwendo?"

Madzulo anauza ababa. Ababa anakanda m'mutu. "Makwerero apita kumunda wakutali. Abwera sabata yamawa."

Janeti anayamba kulira. "Ife tikusamuka Loweruka. Tikupita ku Chonde. Ndipita wopanda mpira wa achemwali?"

Alefa anamva chisoni. Asanagone anagwada. "Ambuye, tipatseni dzuwa. Mpira wa Janeti usanyowe. Ndipo utsike. Ameni."

M'mawa Alefa anatsegula chitseko. Dzuwa kunalibe. Phiri silinkaoneka. Dengu silinkaoneka. Kunali nkhungu yoyera, ndi kamvula kowaza, ndi mphepo yozizira.

"Amayi, phiri lapita kuti?"

"Lilipo, mwanangu. Lafunda chiperoni."

"Chiperoni n'chiyani kodi?"

"Ndi mtambo umene watsika kudzayenda pansi," anatero amayi. "Umabwera nthawi yozizira. Dzina lake ndi la phiri lina, uko kwa Apwitikizi. Agogo ako anachokera konko."

"Tiyi amakondwa nacho," anatero ababa. "Amamwa pang'onopang'ono."

Koma Alefa sanakondwe. "Ine ndinapempha dzuwa, amayi. Kodi Mulungu sanamve?"

Amayi anamufunditsa nsalu. "Amene anapanga khutu angalephere kumva? Tiyeni tidikire."

Kamvula kanawaza. Kanawaza usana. Kanawaza madzulo. Kutacha kanawazabe.

M'mwamba muja, nsanza zinkamwa madzi. Zinamwa, zinamwa, zinamwanso. Mpira unalemera. Dengu nalo linanyowa. Linanyowa, linafewa.

Loweruka linafika. Kwa a Janeti katundu anali atamangidwa. Janeti anabwera kudzatsanzika. Maso ake anali ofiira.

"Pepa, mnzanga," anatero Alefa. "Ndinaponya ndine."

"Unaponya bwino," anatero Janeti. "Tiye ndikautsanzike mpira wanga."

Atsikana anaima patsinde pa bulugamu. Ababa ndi amayi anawatsatira. Onse anayang'ana m'mwamba. Madzi ankadontha kudengu. Tho. Tho. Tho.

Kenako kunamveka kaphokoso. Thyo!

"Imvani!" anatero Alefa.

Thyo! Thyo! Pansi pa dengu panabooka. Mpira uja pansi, phwa! Matope anathovukira ababa mpaka kuchibwano.

"Watsika! Watsika!" Atsikana anavina.

Amayi anaseka mpaka misozi. Ababa anapukuta kumaso. "Onani," anatero. "Chiperoni chakwera popanda makwerero."

Janeti anagwira mpira mbali ino. Alefa anagwira mbali inayo. Anafinya, anafinya. Madzi anatuluka ambiri.

"Ponya komaliza," anatero Alefa.

"Ukatsakamiranso?" anafunsa Janeti.

"Ponya, uone."

Janeti anaponya. Mpira unalowa pamwamba. Unatulukira pansi. Unagwera m'manja mwake momwe!

Janeti anapita ku Chonde atakumbatira mpira wake. Ankatembenuka, akubayibitsa. Alefa anaima mpaka mnzake analowa m'nkhungu.

Kenako anagwira dzanja la amayi. "Amayi, Mulungu anamva. Koma sanatume dzuwa."

"Anatuma chimene chikanatha ntchitoyo," anatero amayi. "Tsopano tiye m'nyumba. Ndili ndi nsanza, ndili ndi singano. Dengu lija likufuna mpira."

Mwana wanga wowerenga, Ambuye akudalitse ndi kukusunga. Akusunge padzuwa, akusunge pamvula. Ndipo nkhungu ikabisa phiri, mtima wako usaope.