Nambala ya Amosi

Chimwalirireni mkazi wanga Lettie, madzulo anga kuno ku Kawale ndi amodzimodzi: tiyi, wailesi, kukagona. Lachinayi lija magetsi anazima cha m'ma seveni. Ndinangokhala mumdima.

Paipi ya madzi kuseri inalira. Ngo, ngo, ngo. Zii. Ngo, ngo, ngo.

Kugogoda kumeneko ndimakudziwa. Ndinakhala zaka makumi awiri kunja, pamgodi wa mtovu wa kumapiri. Azungu anayamba kuukumba ine ndisanabadwe, kulondola mwala wolemera, wonyezimira ngati galasi, wobisa kasiliva m'kati. Unatsekedwa madzi atagonjetsa mapampu. Pansi pamenepo, kugogoda paipi katatu, n'kubwerezanso katatu, kunkatanthauza chinthu chimodzi: ndikwezeni.

Ku Kawale angadziwe zimenezo ndani?

Kugogoda kunasamukira pakhoma la kuchipinda. M'nyumba munadzaza fungo la wonga ndi matope.

"Ndani?" ndinafunsa.

Panja munthu anatsokomola. Chifuwa chouma chija. Cha Amosi, mnzanga wa ku Dedza, amene thanthwe linamugwera kutatsala sabata kuti mgodi utsekedwe.

Lamulo lathu pamgodipo linali lakuti polowa utenge kachitsulo ka nambala yako, potuluka ukakoloweke pabolodi. Nambala ikasowa pabolodi, mwini wake akadali pansi. Mtembo wa Amosi tinautulutsa, koma kachitsulo kake ine ndinaponya m'thumba, ati chikumbutso. Lettie ankandiuza, "Abambo, chinthu cha eni ake ichi." Ine osamva.

Ndiye kuti zaka zonsezi mnzanga anali asanaweruke. Ndinadziwa kuti ndikapanda kumutulutsa, anditengera komweko.

Ndinapapasa m'sutikesi kufunafuna nambala ya Amosi. Kugogoda kunafika pachitseko. Ndinachotsa kalendala ya mpingo pamsomali n'kukolowekapo kachitsulo kaja.

"Amosi, nambala 214, watuluka!" ndinafuula. "Weruka mbale wanga, ukapume."

Zii. Fungo lija linatha pang'onopang'ono. Ndinagona tulo tabwino koyamba chichitikireni maliro a Lettie.

M'mawa ndinapeza Mayi Dailesi, a nyumba yoyandikana nayo, akusesa.

"Koma Abambo inu," anatero monong'ona, "mlendo mpaka kumubweza osamupatsa ndi madzi osamba omwe? Fumbi mbuu thupi lonse, tochi pachipumi."

"Ananena kanthu?"

"Anangofunsa njira ya kudepoti. Akuti waweruka mochedwa, kwawo akumudikira."