Usiku Wosamutsa Njuchi

Njuchi sizisamutsidwa masana. Umadikira zonse zilowe, utseke makomo a ming'oma, kenako uzinyamuka. N'chifukwa chake Mayi Wanjuchi, monga ankadziwikira kumsika, anatuluka pageti anthu atagona kale, pikapu yawo yakale ikukoka ngolo yobwereka yodzaza ming'oma khumi ndi inayi. Kudikira mawa sikukanatheka, pakuti mwini munda woyandikana nawo anali atanena kuti kukacha apopera mankhwala. Komwe ankapita, kumunda wa malalanje kutsidya kwa mtsinje, anayenera kufika dzuwa lisanatuluke, apo ayi njuchi zotsekeredwazo zikanafa ndi kutentha.

Ngoloyo anaimangirira ndi mlamu wawo, bambo wa pakamwa, amene ngolo yokhayo yomwe anaiyendetsapo pa moyo wake ndi wilibala.

"Alamu, inu ingogwirani chiwongolero," anatero uku akupukuta manja. "Za zitsulozi tisiyireni amunafe."

Mayi anamukhulupirira. Kutopa kumapusitsa munthu.

Pamsewu wosalala zonse zinali bwino. Koma msewu utangoyamba kutsika, ngolo inayamba kuvina. Kumanja. Kumanzere. Pikapu nayo n'kumadzandira ngati yalawa mowa. Kenako kumbuyo kunamveka chitsulo chikukhwekhwereza pa tala. Mayi anapatukira m'mbali mtima uli m'mwamba, n'kutsika ndi tochi.

Anaunika kumbuyo kwa pikapu. Pini yolumikiza mkono wa ngolo ndi galimoto inali itatuluka theka. Mlamu uja, m'malo mwa kachitsulo kotsekera pini, anali atalowetsa msomali, Mayi akuona, ndipo msomaliwo unali utagwa. Matcheni sanawakole paliponse, anangowakulunga ngati zokongoletsa. Kutsogolo kunali mtsetse waukulu, ndipo kumunsi kwake mlatho wopapatiza.

"Mlamu iwe, ndikabwera udziwanso!" analankhula okha.

Anayamba kubwerera wapansi kufunafuna msomali uja. Atayenda pang'ono, tochi inawalira pa mitanda. Apa ndi pomwe anazindikira kuti aimika galimoto pamanda.

Anayenda. Kumbuyo kwawo wina anayendanso.

Anaima. Nayenso anaima.

Mphepo inasiya. Fungo la girizi linadzaza mphuno zawo. Tsitsi linaima. Anatembenuka pang'onopang'ono...

Munthu! Wamtali, wovala ovololo, chipewa atachikokera kumaso. Tochi inkawalira pa mabatani, pa nsapato, koma nkhope osaigwira.

"Msomali musaufune, mayi," anatero munthuyo motsitsa mawu. "Msomali sutseka pini."

Mayi anafuna kuthawa. Koma kuthawira kuti, njuchi n'kusiyira yani? Munthuyo anali atayamba kale kulowera kungolo, ndipo iwo anamutsatira. Atangoyandikira, ming'oma yonse, yomwe inkalira chiyambire ulendo, inangoti zii.

Munthuyo analoza pansi pa mkono wa ngolo. Mayi anapisa dzanja. Kachitsulo kenikeni kotsekera pini kanali pomwepo, katamangidwa ndi waya. Anadziwa bwanji? Sanafunse. Anamenya pini ndi sipanala mpaka inalowa yonse, n'kutseka.

"Matcheni mopingasa. Mkono ukagwa, ugwere pa tcheni, osati pa tala."

Mayi anapingasa, n'kukola.

"Zolemera kutsogolo."

Apa Mayi anatsala pang'ono kulira. Ming'oma inayi yodzaza uchi mlamu anaiika kumapeto kwenikweni, kuseri kwa matayala. Mlendoyo sanagwire kanthu, anangoima manja ali kumbuyo. Mayi anamasula malamba okha, anakoka, anakankha ndi bondo, msana ukulira. Njuchi imodzi yopulumukira pampata inawaluma pakhosi, osaimva n'komwe. Atamaliza anamanga malamba mpaka anati gwa.

"Pamtsetse giya yachiwiri," anatero munthuyo. "Ikavina, buleki ayi. Chotsani phazi pa moto. Chiwongolero chisakhote."

"Zikomo bambo. Kwerani, ndikakusiyeni kutsidyako."

"Ine mlathowo... sindinauwolokebe."

Mayi anakwera msanga n'kutseka chitseko. Pagalasi panalibe munthu.

Giya yachiwiri. Injini inabuula, pikapu n'kumatsika mwaulemu, ngolo ikutsatira mofatsa. Theka la mtsetse linatha. Mwadzidzidzi magetsi owala anatulukira pakona. Chilole! Chinadutsa ndi chimphepo chake, ndipo ngolo inatayidwira kumanzere.

Inabwerera kumanja.

Phazi linathamangira pa buleki lokha. Mayi analigwira m'malere. Ayi! Mano anakukuta. Manja anauma pa chiwongolero. Kumanzere... kumanja... kumanzere pang'ono... Mlatho uwu, wafika. Dzenje pakhomo pake, khu! Zitsulo zinalira kumbuyo.

Pini inagwira.

Ngolo inawongoka, n'kulowa pamlatho pakati penipeni. Madzi ankasokosera pansi. Matayala akutsogolo anaponda kutsidya, akumbuyo nawo, kenako a ngolo. Mayi Wanjuchi, mzimayi wa zidzukulu zitatu, anatsitsa galasi n'kululutira mumdima ngati mtsikana, uku akumenya hutala. Chimwemwe chotere anali asanachimvepo chimwalirire amuna awo.

Kum'mawa kukufiira, anali akutsegula mng'oma womaliza pakati pa malalanje a maluwa. Njuchi zinatuluka mwaunyinji, zamoyo, zaukali, zanjala. Mlonda wa mundawo, mkulu wa imvi amene anawathandiza kutsitsa, anazungulira ngolo akugwedeza mutu.

"Wakumangirani ndani chonchi, mayi? Masiku ano opingasa matcheni ndi ochepa."

"Ndamanga ndekha, achimwene," anayankha monyadira. "Koma mphunzitsi ndamupeza pamwamba pa mtsetse, pafupi ndi manda. Wamtali, wa ovololo, wonunkha girizi. Mukamudziwa mundiuze, ndikufuna ndimupatse uchi."

Mlonda anakhala pansi pa tayala la ngolo. Anavula chipewa.

"Uchiwo sadya, mayi. Ameneyo anali makaniko wa pagalaja ya kumtunda kuja. Tsiku lina anafulumira, anakoka ngolo ya injini ya chigayo atatseka pini ndi msomali. Inamukankhira mumtsinje pamlatho pomwe paja. Zaka khumi ndi ziwiri zapita. Bokosi lake ndinanyamula nawo ine, tinamuika m'manda omwe munaimawo."

Thupi la Mayi linachita tsembwe, ngakhale dzuwa linali litatuluka. Anayang'ana manja awo akuda ndi girizi. Anayang'ana njuchi zawo zikupikisana pa maluwa, ming'oma yonse ili chilili pamzere.

"Manda ake ndi ati?"

"Achitatu kuchokera kumsewu. Bwanji, simukuopa?"

"Ndaopa kale usiku wonse," anatero Mayi akukwera pikapu. "Pobwerera ndiima pomwepo. Munthu uja ayenera kumva kuti ngolo yawoloka."