Nkhope ya Nasibeko

Makinawo ankawatcha Mtsukakanema. Anali aakulu ngati chigayo, ndipo chaka chonse cha 2071 anthu a ku Balaka ankaima pamzere kutsogolo kwake. Munthu ankaponya tepi yakale m'kamwa mwake, mbali inayo n'kutuluka kambale konyezimira. Ukakaika kambaleko patebulo, anthu a m'sewero ankaimirira m'nyumbamo ngati amoyo, moti unkafuna kuwapatsa mpando.

Zakeyu anali atadzaza shelefu ndi timbale ta masewero akale a pa wailesi yakanema. Ankatipukuta fumbi m'mawa uliwonse, munthu yemwe sanapukutepo mwana wake mamina. Linatsala sewero limodzi: Kuseri kwa Depoti, momwe apongozi ake, malemu Nasibeko, ankasewera ngati mayi wogulitsa zitumbuwa. Tepi yake inali m'sutikesi ya mkazi wake, Ndaziona. Zithunzi zonse za mayiwo zinapita ndi madzi osefukira, choncho nkhope yawo inatsala m'tepimo basi.

Tsiku lotsegula chiliza cha Nasibeko, abale atabwerako kumanda, Zakeyu anaimirira akumwetulira.

"Lero amayi adya nafe," anatero, n'kuika kambale patebulo.

"Bambo a Mwandida, tepi yanga ili kuti?" anafunsa Ndaziona.

"Taonera kaye, mkazi iwe."

Kamtsikana kawo, Mwandida, kanasendera kutsogolo. Sikanawaonepo agogo ake, koma aliyense ankakauza kuti nkhope yake ndi yomweyo: kuda bii, mpata wa mano, mphuno yaphwanthi.

Pakati pa nyumba panaima mayi atasenza beseni. Anali woyera ngati papaya wosenda, mphuno yosongoka, mano othithikana. Zikang'a za m'zidendene analibe. Atatsegula pakamwa kutsatsa zitumbuwa, mawu anatuluka ofewa ngati a namwali wogwira ntchito m'ndege.

"Ameneyu ndiye ndani?" anafunsa azakhali a Ndaziona. "Mlamu wanga akakuwa, makondakitala ankabisala. Ichi chikulira ngati mphaka."

"Makina amakonza, azakhali," Zakeyu anafotokoza monyadira. "Amayeza zomwe oonera amakonda, n'kuchotsa zolakwika."

"Zolakwika?" Ndaziona analavula malovu pansi, pa simenti yomwe anakolopa yekha m'mawa. "Mwawatsuka amayi anga ngati matumbo a mbuzi. Katengeni tepi yanga."

Zakeyu anayang'ana pashelefu. "Imeneyo... makina amaigaya. Amatero kuti pasakhale mitundu iwiri."

Chimayi chija chinkangomwetulira, chikugawa zitumbuwa zopanda mafuta.

"Mumandinamiza nonsenu," anatero Mwandida. "Agogo anali okongola. Sindifanana nawo."

"Bodza ndi ilo laima apolo, mwananga!" anakuwa Ndaziona.

Koma mwana amakhulupirira maso ake. Pamene akuluakulu ankakangana, Mwandida anatuluka. Ndaziona anakamupeza kuseri kwa bafa, atagwira mwala wokwechera mapazi, akukhula tsaya mpaka kuchucha magazi.

"Amayi, kudaku sikukuchoka," anatero.

Ndaziona anaponya mwalawo kutali, n'kupukuta tsayalo ndi nsonga ya chitenje. M'nyumba ankamvabe mwamuna wake akuuza alamu ake kuti shelefu tsopano yakwana. Anaigwira nkhope ya mwanayo ndi manja onse awiri, osaisiya. Padziko lonse lapansi, Nasibeko weniweni anatsala pamenepo pokha, ndipo mwini nkhope anali atayamba kale kuida.