Kansalu Kopukutira Dovu

Esther ankagwira kansalu kaja ndi zala ziwiri ngati wanyamula khoswe wakufa. Chiwagwereni sitiroko bambo ake, a Thomson, pakamwa pawo panapotoka ndipo dovu linkangochucha. Amayi ankalawirira kukathyola tiyi ku esiteti, choncho ntchito yopukuta inali ya Esther akaweruka kusukulu. Ankanyansidwa nayo, osabisa. Koma chomuwawa kwambiri chinali chakuti bambowo anamuiwala. Ankangomutchula kuti "mwana wa eni".

Tsiku lina mnzake Jessica anamuonetsa kanema pafoni. Madokotala akunja ankayesa kudzutsa ubongo wa odwala sitiroko ndi timagetsi tochepa, kuti mwina angayambenso kukumbukira.

"Ku Nkando kwabwera munthu wa makina omwewa," anatero Jessica. "Akuti mphindi khumi basi, munthu n'kukumbukira ndi agogo a agogo ake omwe."

Esther sanafunse zambiri. Loweruka amayi atangochoka, anawakweza bambo ake minibasi.

Chipatala chake chinali chisakasa cha mapulasitiki kuseri kwa ogulitsa nsomba zouma, ntchentche zili ng'waa. Dokotalayo anavala jasi loyera limene linadana ndi sopo kalekale. Makinawo anali batire la galimoto, kabokosi kong'ung'udza, mawaya awiri ndi masiponji otsukira mbale. Masiponjiwo anali atangowachotsa pamutu pa nkhalamba ya zipere, n'kuwaponya m'beseni la madzi amchere, otuwa, tsitsi la anthu likuyandama pamwamba.

"Madziwa simusintha?" anafunsa Esther.

"Mphamvu ili m'madzi momwemo, chemwali," anayankha bamboyo akufinya siponji. "Akhazikeni apa madalawa."

Apa m'pamene munthu wanzeru akanabwerera. Koma Esther anakumbukira kansalu konyansa kaja m'thumba mwake, ndipo anawakhazika bambo ake.

Bamboyo anamanga masiponji pachipumi pa a Thomson ndi mphira, n'kutembenuza kabatani. Nthawi yomweyo a Thomson anadzidzimuka, mwendo wawo wabwino ukupalasa fumbi. Anafuna kukuwa koma mawu anakana. Panamveka fungo ngati la nkhuku yowaula. Anyamata ena anayamba kujambula ndi mafoni, akuseka.

"Mwaona? Nzeru zikubwera zimenezo!" anafuula dokotala uja.

Esther anazula mawayawo n'kugubuduza beseni lija ndi phazi.

"Mulibe manyazi inu! Ababa anga si wailesi yoti muziilumikiza kubatire!"

Pachipumi pa bambo ake panali patatuluka matuza awiri.

Kuchipatala ku Boma, namwino anatsuka mabalawo akupukusa mutu.

"Zimene unaona pafonizo akadazifufuza, mwanawe, ndipo amachita ndi madokotala, ndi makina oyezedwa bwino. Ukanawapha bambo akowa. Uzibwera nawo ku mafizo azidzawongola ziwalo, ndipo kunyumba uzicheza nawo, uziwauza mayina a anthu ndi zinthu. Kodi umacheza nawo?"

Esther anaweramitsa mutu. Miyezi itatu yonse anali asanawauzeko ngakhale dzina lake. Ankangopukuta, nkhope atayang'ana kumbali, n'kuthamangira kukasamba m'manja.

Anakhala ndi bambo ake pabenchi panja kudikira amayi, omwe namwino anali atawaimbira foni. Ulendo uno chomunyansa sichinali beseni lija kapena dovu. Ankanyansidwa ndi Esther mwini wake. Misozi itayamba, analephera kuiletsa.

A Thomson anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako ndi dzanja lawo labwino anasolola kansalu kaja pamiyendo pake, konyowa momwemo, n'kuyamba kumupukuta nako m'masaya. Esther sanatembenuze nkhope.

"Usalire, mwana wa eni," anatero movutikira. "Ababa ako ali kuti?"

Esther anagwira dzanja lija pamodzi ndi kansalu komwe.

"Ali pompano. Ine ndine Esther, ababa. Mukaiwala, mawa ndidzakuuzaninso."