Fani ya m'wodi ya chifuwa

Mmisiri wa magetsi, mayi wosamva za mantha, anatuluka pachipatala kutada kale. Sabata yonse ankazula mafani akale otulutsa mpweya m'mawodi, aja olira ngati chigayo, odya magetsi ngati alibe mwini, n'kumaikamo atsopano. Yomaliza anaimanga maso akulemera ndi tulo. Basi inali itamusiya, choncho anakoleka chikwama cha zitsulo paphewa n'kudzera yachidule, ya kuseri kwa nyumba yachisoni, yotulukira pamlatho wamatabwa.

Ali pamlathopo anamva munthu akutsokomola kumbuyo. Anali namwino woonda, atavala yunifolomu ya masokedwe akale. Anapatsana moni n'kuyendera limodzi, mmisiri akudzitama kuti tsopano chipatala chipuma bwino, magetsi azipita ochepa.

"Ntchito mwaigwira, mayi," anatero namwinoyo. "Koma fani ya m'wodi ya chifuwa chachikulu ikuzungulira chobwerera. Mpweya wa odwala ikuukankhira kukhonde la wodi ya ana."

Mmisiri anaseka, nati zaka makumi awiri sanasokonezepo waya. Kuseka kuja kunaduka mwadzidzidzi. Pamatabwa pankamveka nsapato za munthu mmodzi. Zake zokha. Anayatsa tochi... Palibe! Chitsokomolo chokha, chikutsikira kumadzi.

Miyendo inkafuna kunyumba. Koma ana aja... Anatembenuka, liwiro la kuchipatala.

M'wodimo anakwera pampando n'kuika kapepala kutsogolo kwa fani. M'malo mokokedwa, kanamuulukira kumaso. Mawaya awiri anali atasinthana malo. Anazimitsa faniyo, n'kumasula, n'kubwezeretsa uliwonse pake. Atayatsanso, kapepala kanakamatirira pafani kuti phatika.

Namwino wamkulu wa usikuwo, gogo wamagalasi, ankaonerera ali pakhomo. Anafunsa kuti wamuuza ndani, poti panalibe amene anadandaula. Mmisiri anafotokoza zonse, kuonda, yunifolomu, ngakhale kachipsera ka pachibwano kamene anakaona popatsana moni.

Gogoyo anavula magalasi n'kukhala pabedi lopanda munthu.

"Ameneyo tinayamba naye ntchito tsiku limodzi," anatero motsitsa mawu. "Chifuwacho anachitengera muno, kulibe fani ndi imodzi yomwe. Tinamuika m'manda ndili ndi pakati pa mwana wanga wachisamba. Mwanayo pano ali ndi ake awiri."