Sokosi Yopanda Maso

Panali mtsikana wina wokonda kulankhula. Ankalankhula m'mawa. Ankalankhula masana. Ankalankhula ngakhale chakudya chili m'kamwa. Kunyumba ankamutcha Wailesi.

Wailesi anali ndi mlongo wake wamng'ono. Iye sankalankhula. Ankangoloza ndi chala. Akafuna madzi, ankaloza. Akafuna mpira, ankaloza. Ndipo ankati, "Mm! Mm!" Kunyumba ankamutcha Kachala.

Kachala akaloza, Amayi sankamva. Abambo sankamva. Amene ankamva anali Wailesi yekha.

Wailesi zinamutopetsa. Ankafuna kuti Kachala azilankhula yekha.

Tsiku lina Wailesi ankadumpha chingwe ndi anzake. Nthawi yake yodumpha inafika.

"Wailesi!" anaitana Amayi. "Tabwera! Mwanayu akufuna chiyani?"

Wailesi anathamangira m'nyumba. Amayi anali pa makina, akusoka. Kachala anali pansi, akulira. Chala chinali m'mwamba.

"Akufuna kapu yake," anatero Wailesi. Anamupatsa kapu. Anathamangira panja.

"Wailesi! Tabweranso!"

Wailesi anabwereranso.

"Akufuna nsapato inayo," anatero. Anamupatsa nsapato. Anathamangira panja.

"Wailesi!"

Atatuluka ulendo uno, anzake anali atapita. Chingwe anali atapita nacho.

Wailesi analowa m'nyumba akuponda pansi mwamphamvu.

"Ndatopa nazo ine!" anakuwa. "Iwe Kachala, pakamwapo n'pa chiyani? Nena kuti kapu! Ka-pu! Nena!"

Kachala anangomuyang'ana.

"Nena, iwe!"

Kachala anayambanso kulira.

Nthawi yomweyo Azakhali anafika. Anabweretsa diresi yoti Amayi aifupikitse. Azakhali amaphunzitsa ana aang'ono kusukulu ya mkaka.

"Kwagwanji muno?" anafunsa Azakhali.

"Ndi uyu," anatero Wailesi. "Safuna kulankhula."

"Kuchipatala anamuyeza," anatero Amayi. "Makutu ali bwinobwino. Anati tizisewera naye. Koma nthawi yake iti, ndi zosoka zonsezi?"

Azakhali anakhala pansi. Anamuyang'ana Kachala. Kachala analoza patebulo.

"Akufuna nthochi," anatero Wailesi.

"Wanena ndani?" anafunsa Azakhali.

"Ndanena ndine."

"Eya. Wanena ndiwe. Nanga iye alankhulirenji?"

Wailesi anatupitsa masaya.

"Ndiye wolakwa ndine, Azakhali?"

"Ayi, mwanawe. Iwe umamuthandiza. Koma tsopano umuthandize mwa njira ina. Sewera naye. Usamukakamize. Funsa, kenako dikira."

"Ndidikire mpaka liti?"

"Mpaka pakamwa pako payabwe," anatero Azakhali, akuseka.

Pafupi ndi makina panali dengu la tizidutswa ta nsalu. Azakhali anapisamo dzanja. Anatulutsa sokosi yakale yofiira. Anaiveka kudzanja la Wailesi.

"Awa ndi a Sokosi," anatero Azakhali. "Ali ndi njala. Koma alibe maso. Chala sachiona. Amangomva mawu."

Azakhali anaika zinthu pansi. Anaika kapu. Anaika mpira. Anaika supuni.

Wailesi anasintha mawu. Analankhula mokhuthala, ngati munthu wamkulu.

"Ndili ndi njala! Ndidye chiyani?"

Kachala analoza mpira. "Mm! Mm!"

A Sokosi sanaone chala. Anapita kwina. Analuma mwendo wa mpando.

Kachala anaseka. Analozanso mpira.

A Sokosi analuma chidendene cha Amayi.

"Mayo!" anatero Amayi.

Kachala anaseka mpaka kugwa chagada. Anadzuka. Analozanso mpira.

Wailesi anadikira. Anadikira pang'ono. Pakamwa panayamba kuyabwa.

"Akufuna mpi..."

"Shii!" anatero Azakhali.

Wailesi anadikiranso. Kachala anangolozabe mpira.

"Akufuna mpira!" anakuwa Wailesi. "Mpira! Aliyense akuona kuti ndi mpira!"

Anavula sokosi ija. Anaiponya kukhoma.

"Masewera awa ndi achabechabe!"

Anakhala pansi n'kupinda manja.

Kachala anayenda pang'onopang'ono. Anatola sokosi. Anabwera nayo. Anakoka dzanja la Wailesi. Anayesa kuliveka sokosi.

Wailesi anausa moyo.

"Ha! Mwana uyu," anatero. "Chabwino. Bweretsa."

Mawa lake anasewera. Mkuja anaseweranso.

A Sokosi ankanunkhiza kapu. "Kapu!" ankatero. "Kapu yokoma!"

A Sokosi ankanunkhiza mpira. "Mpira! Mpira wonona!"

Kachala ankamvetsera. Ankayang'ana pakamwa pa Wailesi. Koma ikafika nthawi yake, ankangoloza.

"Amayi, sizikutheka!" anadandaula Wailesi.

"Pitiriza," anatero Amayi.

"Azakhali, sizikutheka!"

"Dikira," anatero Azakhali.

Dikira, dikira, dikira! Mawu amenewa Wailesi anadana nawo.

Tsiku lochapa, Amayi anaika beseni pakhonde. Thovu linadzaza beseni. Wailesi anatapa thovu m'manja. Analiuzira.

"Phu!" anatero.

Thovu linauluka. Kachala anaomba m'manja.

Wailesi anatapanso thovu. Analiika pafupi ndi pakamwa pa Kachala. Anadikira.

Kachala anasongola milomo.

"Phu!" anatero.

"Mwamva?" anatero Amayi. "Mwanayu wanena!"

"Phu si mawu, Amayi," anatero Wailesi.

"Ndi poyambira," anatero Amayi.

Tsiku lonse Kachala ankangoti phu. Phu pakhonde. Phu m'nyumba. Phu pankhope pa Wailesi.

"Wandilavulira malovu!" anakuwa Wailesi. "Amayi, muoneni!"

Masana ena kunkagwa mvula. Panja sikunali kotuluka. Kachala anabweretsa sokosi yekha.

"Lero ndatopa," anatero Wailesi.

Kachala anaima pomwepo. Sanachoke.

"Chabwino, chabwino!"

Wailesi anavala sokosi. Anaika kapu. Anaika mpira. Anaika supuni.

"Ndili ndi njala! Ndidye chiyani?"

Kachala analoza kapu.

A Sokosi analuma chitseko.

Kachala analoza kapu mwamphamvu. "Mm! Mm!"

A Sokosi analuma mphuno ya Wailesi.

Kachala sanaseke. Anakwinya nkhope. Anayang'ana kapu. Anayang'ana a Sokosi.

Pakamwa pa Wailesi panayabwa. Panayabwa kwambiri. Mawu anafika pakhosi. Anafika palilime. Wailesi analuma mlomo. Anatseka pakamwa ndi dzanja linalo.

Amayi anaimitsa makina. Kunkangomveka mvula padenga.

Kachala anatsitsa chala.

"Pu," anatero.

Wailesi anadikirabe.

"Ka... pu. Kapu!"

A Sokosi anatembenuka msangamsanga. Anaimbwandira kapu ija.

"Kapu!" anatero a Sokosi. "Ndamva! Zikomo, bwana!"

Amayi anadzuka pampando. Ananyamula Kachala m'mwamba. Wailesi anadumpha, akukuwa.

"Wanena! Wanena yekha! Ine sindinanene!"

"Kapu! Kapu!" anatero Kachala, akuseka.

Koma mavuto a Wailesi sanathere pomwepo.

Wailesi anatenga mpira. "Ichi n'chiyani?"

"Kapu!"

Anatenga supuni. "Nanga ichi?"

"Kapu!"

Mphaka anadutsa. "Kapu!"

Wailesi anadziloza pachifuwa. "Nanga ine ndine ndani?"

"Kapu!"

"Ine si kapu ayi!" anakuwa Wailesi. "Amayi, akunditchula kapu!"

Amayi anaseka mpaka misozi.

Azakhali atamva, anasekanso.

"Usamukalipire," anatero. "Akati kapu, iwe uziti, 'Eya, mpira!' Azimva mawu oyenera. Adzagwira."

Wailesi anachita zomwezo. Zinali zotopetsa. Koma anachita.

Anasewera zobisa supuni pansi pa nsalu. Anasewera zolira ngati nyama. Anaimba nyimbo n'kusiya mawu omaliza, kuti Kachala amalize.

Mawu anayamba kubwera. Ankabwera amodziamodzi. Mpira unali "pila." Supuni inali "puni." Madzi anali "adzi." Ndipo Wailesi anasiya kukhala kapu. Anakhala "Lesi."

"Ndine Wailesi," ankatero iye. "Lesi ndi munthu waulesi!"

"Lesi!" ankatero Kachala.

"Ha! Kaya," ankatero Wailesi.

Madzulo ena Abambo anabwera kuchokera kuntchito. Anakhala pampando. Anavula nsapato. Sokosi yawo ina inali yobooka. Chala chachikulu chinasuzumira pabowo.

Kachala anaiyang'anitsitsa. Anathamangira kukhitchini. Anabwera ndi supuni. Anaigunditsa pachala cha Abambo.

"Kosi, idya!" anatero.

Abambo anadabwa. Anayang'ana Amayi. Anayang'ana Wailesi.

"Mawu awiri!" ananong'ona Wailesi. "Wanena awiri pamodzi!"

"Akuti chiyani?" anafunsa Abambo.

Wailesi anatsegula pakamwa. Kenako anapatseka.

"Mufunseni mwini wake," anatero.

Abambo anawerama. "Ukuti chiyani, mwanangu?"

"Kosi, idya!" anabwereza Kachala. "Njala!"

"Oho! Sokosi ili ndi njala!"

Abambo anagwedeza chala chija. Sokosi inaluma supuni. Kachala anaseka n'kugwera pamiyendo ya Abambo.

"Tandipatsani sokosiyo," anatero Amayi. "Ndisoke bowolo. Ndi manyazi."

Amayi anatenga singano. Kachala anakumbatira phazi la Abambo.

"Ayi!" anatero.

"Bwanji?" anafunsa Amayi.

Kachala analoza bowo lija. Kenako anatsitsa chala. Anaganiza pang'ono. Onse anadikira.

"Kamwa," anatero.

Amayi anabweza singano m'kabokosi.

"Zoona," anatero. "Pakamwa sitisoka."

Wailesi anakhala pansi pafupi ndi mlongo wake. Anavala sokosi yofiira.

"Sendera uko," anatero. "Anjala alipo awiri tsopano. Tiuze, adye chiyani?"