Theka Lako, Theka Langa

Tamara anali mtsikana wa ku Area 23. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ankakonda kuyimba. Ankayimba posesa. Ankayimba potsuka mbale. Ankayimbanso posamba.

Tamara anali ndi khumbo limodzi. Ankafuna kutsogolera nyimbo kutchalitchi. Tsiku lina aphunzitsi a Sande sukulu anamusankha.

"Pakatha masabata awiri, Lamulungu, udzatsogolera ndiwe," anatero aphunzitsi.

Tamara anathamangira kunyumba. Anakauza mnzake Sakina. Sakina ankakhala khomo loyandikana ndi lawo. Bambo ake, a Yakubu, anali telala. Ankasoka pakhonde. Iwo ndiwo ankasoka bulauzi yoyera ya Tamara, yovala tsiku loyimba.

Tamara ndi Sakina ankagawana chilichonse. Wina akapeza chigumu, ankachinyema pakati.

"Theka lako, theka langa."

Wina akapeza nzimbe, ankaithyola pakati.

"Theka lako, theka langa."

Asanadye, Tamara ankatsinzina n'kupemphera. Sakina ankanena mokweza kuti, "Bisimila!" Kenako ankadya, akuseka.

Lachisanu m'mawa Tamara anadzuka pakhosi pakuwawa. Thupi linatentha. Anayesa kuyimba. Mawu anakana. Anangoti khwee, ngati chitseko chakale.

"Amama, mawu anga athawa," ananong'ona Tamara.

Mayi ake, a Mabel, anamugwira pachipumi.

"Sanathawe, mwanangu. Akudwala. Tiye kuchipatala."

Kuchipatala adokotala anati, "Yasamula. Nena kuti aaa."

"Aaa," anatero Tamara.

Adokotala anaunika ndi tochi.

"Pakhosi pali zilonda. Mwalowa tizilombo totchedwa mabakiteriya. Ndi tating'ono kwambiri. Sitioneka ndi maso. Kodi mwanayu mankhwala ena anamutulutsapo ziwengo?"

"Ayi, adokotala," anayankha a Mabel.

Adokotala analemba mankhwala. Anali mapiritsi opha mabakiteriya. Dzina lake ndi maantibayotiki.

"Limodzi m'mawa. Limodzi masana. Limodzi madzulo. Masiku asanu ndi awiri. Amwe mpaka athe. Akatuluka ziwengo kapena akatupa, mubwere naye msanga."

"Ndidzayimba Lamulungu lija?" anafunsa Tamara.

"Ukamaliza onse bwinobwino, ndikukhulupirira udzayimba," anatero adokotala.

Kunyumba a Mabel anaika mapiritsi pamwamba pa kabati. Nthawi ikakwana ankatsitsa limodzi. Ankabweretsa madzi m'kapu. Ankapemphera naye.

"Atate, munapatsa madokotala nzeru. Chiritsani mwana wanuyu. Ameni."

Tamara ankameza. Limodzi m'mawa. Limodzi masana. Limodzi madzulo.

Loweruka thupi linazizira. Lamulungu anadya bwino. Lolemba anayesa kuyimba. Mawu anatuluka!

"Ndachira! Ndachira!" anafuula Tamara.

Anathamangira kwa Sakina. Koma Sakina sanadumphe naye. Anakhala pamkeka, atafunda chitenje. Mamina ankatuluka. Ankayetsemula.

"Etsi! Etsi!"

"Wadwala iwenso?" anafunsa Tamara.

"Mutu ukuwawa," anatero Sakina.

Tamara anamva chisoni. Anaganiza. Anaganizanso. Ku Sande sukulu anaphunzira kuti Mulungu amakondwera ndi mwana wosamana. Ndipo iye anali atachira. Mapiritsi anali akadalipo ambiri.

A Mabel anali atapita kukatunga madzi. Tamara anakoka mpando. Anakwerapo. Anatambasula dzanja. Anatsitsa kathumba ka mapiritsi.

Anatenga mbale yoyera. Anakhala pamkeka ndi Sakina. Anayamba kugawa.

"Ili lako. Ili langa. Ili lako. Ili langa. Theka lako, theka langa."

Sakina anatola piritsi limodzi. Anatenga kapu ya madzi. Ananena mokweza monga mwa masiku onse.

"Bisimila!"

Pakhonde makina osokera anaima. A Yakubu anali atamva.

"Iii, ana inu! Mukudya chiyani osandiitana? Ine ndine mlendo pano?"

Anabwera akuseka. Anayang'ana m'mbale. Kuseka kunatha.

"Sakina, bweretsa kuno. Wameza?"

"Ayi, Ababa."

"Ngakhale limodzi?"

"Ngakhale limodzi."

A Yakubu anapumira m'mwamba. Anatolera mapiritsi onse. Anawabwezera m'kathumba.

Tamara anatembenukira kwa a Yakubu.

"Ankolo, sindinafune kumumana. Ine ndachira kale."

A Yakubu sanakalipe. Anapita pamakina. Anabwera ndi bulauzi yoyera ija.

"Eko bulauzi yako. Yatha. Vala."

Tamara anavala. Mkono umodzi unalipo. Mkono wina panalibe. Mabatani panalibe. M'mbali munalendewera ulusi.

Sakina anaseka mpaka kutsokomola.

"Ukuoneka ngati choopsezera mbalame m'munda!"

"Ankolo, siinathe!" anatero Tamara.

"Yatha. Ukaiona kutsogolo ndi yokongola."

"Ayi! Isosoka ndili pakati pa nyimbo!"

"Wanena zoona," anatero a Yakubu. "Chosoka theka chimasosoka. Nawonso mankhwala ako akadasoka pakhosi pako. Kunja waoneka wochira. M'kati ntchito ikadalipo. Ukasiya lero, tizilombo totsala tidzukanso. Ndipo tikadzuka, tingavute kuposa kale."

Tamara anagwira pakhosi pake.

"Ndiye mawu anga athawanso?"

"Angathawenso."

Kenako a Yakubu anayeza bulauzi ija pa Sakina. Inali yaikulu. Inafika m'mawondo.

"Waona? Ndinayeza iwe, osati Sakina. Adokotalanso anayeza iwe. Matenda a Sakina sanawaone. Mankhwala ochiza iwe angamupweteke mnzako."

Nthawi yomweyo a Mabel anafika ndi ndowa pamutu. Anaitula. Anamva nkhani yonse. Anagwira pakamwa.

"Ambuye atichitira chifundo! Zikomo, bambo a Sakina. Inenso ndinalakwa. Ndinaiwala kuti mpando uli ndi miyendo."

Anakhala pansi. Anamuika Tamara pamiyendo.

"Mwanangu, mtima wako ndi wabwino. Usasiye kugawana. Gawa chigumu. Gawa nzimbe. Koma mankhwala sagawana. Ndipo mwana satenga yekha mankhwala. Amapatsidwa ndi wamkulu."

"Nanga Sakina achira bwanji?"

"Monga iwe. Apita kukaonana ndi adokotala."

Masana a Yakubu anapita ndi Sakina kuchipatala. Tamara anadikira pakhomo. Anadikira. Anadikirabe. Kenako anawaona akutsika minibasi.

"Akupatsa mapiritsi ngati anga?"

"Ayi," anatero Sakina. "Ati ndi chimfine. Ati mapiritsi ako sachiza chimfine. Ati ndipume, ndizimwa madzi ambiri, ndizidya zipatso."

"Zipatso?" Maso a Tamara anawala. "Amama! Zipatso amagawana?"

"Amagawana, mwanangu," anaseka a Mabel.

Kuyambira tsiku limenelo mapiritsi ankakhala m'sutikesi yokiya. A Mabel ankatulutsa limodzi limodzi. Tamara ankameza. Limodzi m'mawa. Limodzi masana. Limodzi madzulo. Akamaliza ankasamba m'manja. Ankapita kwa Sakina ndi nachesi.

Pakhonde makina ankalira. Tiki-tiki-tiki.

"Ankolo, mwafika pati?"

"Mkono wachiwiri. Iwe wafika pati?"

"Atsala asanu!"

Lachisanu m'mawa Tamara anameza piritsi lomaliza. Kathumba kanatsala kopanda kanthu. Anakaonetsa a Yakubu. A Yakubu anali akusoka batani lomaliza. Anadula ulusi ndi sizasi.

"Ine ndamaliza."

"Inenso ndamaliza!"

Lamulungu linafika. Tamara anavala bulauzi yoyera ya mikono iwiri. Anaimirira kutsogolo kwa mpingo. Anatsegula pakamwa. Mawu anatuluka oyera, omveka mpaka kubenchi lakumbuyo. Ana onse anavomera. Amayi analulutira. A Mabel anapukuta misozi ndi chitenje.

Atabwerera kunyumba anapeza Sakina akudumpha chingwe. Chimfine chinali chitatha.

"Zinayenda bwanji?" anafunsa Sakina.

"Khala pansi umve."

Tamara anaimirira pakhonde. Anayimbanso nyimbo yonse. A Yakubu anaomba m'manja. A Mabel anabweretsa nachesi imodzi yaikulu.

Tamara anaisenda. Anaigawa pakati. Anayang'ana kwa a Yakubu.

"Ankolo, iyi ndiye mwaitanidwa."

Onse anaseka. Tamara anatsinzina. Sakina anati, "Bisimila!"

"Theka lako," anatero Tamara.

"Theka langa," anatero Sakina.

Ndipo aliyense ananyemako kachidutswa ka a Yakubu.